Mankhwala a typhus anawayesa pa anthu 22 okha, zinatheka bwanji kuti awavomereze?

mtsikana_wa_famase

Abale ndithandizeni mutu wanga waima. Ndili chaka chachiwiri za pharmacy nde atipatsa asayimenti yoti aliyense asankhe antibiotic imodzi afotokoze mmene inapezekera komanso mmene anaiyesera pa anthu, anzanga onse athamangira penicillin, ine pofuna kuoneka wochenjera ndinasankha chloramphenicol poti kwathu kachubu kake kopaka m'maso sikankasowa mu kabati ya amayi. Pano ndadziputira ndekha mavuto. Zomwe ndapeza ndi zoti mankhwalawa atayamba kupatsidwa kwa anthu sanali a maso ayi, anali a matenda ena otchedwa typhus omwe amafala ndi nsabwe, ndipo anakawayesa ku Bolivia kumapeto kwa 1947 pa odwala 22 okha, onse nkuchira, basi pofika 1949 ali kale pamsika anthu akugula.

Nde apa ndi pomwe ndasokonekera. Mkalasi amatiuza kuti mankhwala asanavomerezedwe amadutsa ma phase angapo pa anthu masauzande, nanga awa 22 okha zinatheka bwanji? Ndipo ngati anali amphamvu choncho bwanji aphunzitsi athu akangotchula chloramphenicol nkhope imasintha nkumati samalani nayo? China, amayi ndawafunsa pafoni akuti typhus ndi taifodi yomweyi kungoti azungu amafupikitsa dzina kkkk ine sindikukhulupirira koma ndilibe chowayankha. Komanso nsabwe tinali nazo kalasi yonse tili ku pulayimale mpaka kutimeta mpala, bwanji palibe anadwala? Asayimenti ndipereka Lachisanu, chonde.

Chikoti92

Amayi ako akunena zoona sisi, ndi taifodi yomweyo. Ndipo za 22 usadabwe, anthu ake amenewa akafuna kuyesa mankhwala amapita kwa osauka komwe palibe angawafunse, bwanji sanayese kwawo ku America? Lemba zimenezo ukhoza basi

Ankolo_aLabu

Iyayi Chikoti mphwanga, usamusocheretse mwanayu angalakwe. Ndi matenda awiri osiyana, maina okha ndi omwe ali pachibale. Taifodi imalowera kukamwa, madzi kapena chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi, kachilombo kake ndi Salmonella Typhi, ija inativuta ku Blantyre kuyambira cha m'ma 2011 utafika mtundu wake wosamva mankhwala akale aja mpaka ana anayamba kubayidwa katemera wake dziko lonse mu 2023. Typhus kachilombo kake ndi Rickettsia prowazekii ndipo sikalowera kukamwa. Dzina loti typhoid tanthauzo lake ndi loti yofanana ndi typhus, chifukwa madokotala a ku Ulaya nawonso ankazisokoneza mpaka cha m'ma 1830, onse awiri wodwala thupi limatentha kwambiri mutu kuwawa nzeru kubalalika. Ndiye amayi ako asachite manyazi, analakwitsa ndi madokotala omwe zaka zambiri.

Za nsabwe za ku pulayimale. Zija zinali za m'mutu, zimene zimaikira mina pa tsitsi. Zomwe zimayambitsa miliri ya typhus ndi nsabwe za m'zovala, sizikhala pathupi, zimabisala m'misoko ya malaya ndi m'lamba wa buluku nkumatuluka kudzayamwa magazi kenako kubwerera. Ndipo chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti si kuluma komwe kumapatsira matendawa. Nsabwe ikamayamwa imachita chimbudzi pomwepo, tizilombo tili m'chimbudzimo, iwe pamene pakuyabwa ukanda nkudzipaka wekha pakabala kaja. Chimbudzi chija chikauma chimathanso kuuluka ngati fumbi kulowa m'maso kapena m'mphuno, anthu a mu labu ambiri anadwalira njira imeneyo. Nsabwe nayo siipulumuka, tizilombo timaiboola matumbo imafiira nkufa pasanathe masabata awiri, kungoti isanafe imathawa munthu amene thupi latentha kwambiri kapena wamwalira kupita kwa mnzake wagona pafupi. Nchifukwa chake typhus ndi matenda a kundende, a kunkhondo, a m'makampu, malo ozizira komwe anthu athithikana ndipo munthu savula chovala mwezi wathunthu poti alibe china ndipo sopo kulibe. Ngakhale nsabwe za m'zovala zikhalepo, pamafunikanso munthu mmodzi amene ali ndi kachilomboko m'magazi kuti ziyambire pa iye.

Anatulukira za nsabwezi ndi Charles Nicolle ku Tunis mu 1909. Anaona kuti odwala typhus amapatsira anthu kunyumba ndi panjira, ochapa zovala zawo pachipatala amadwala, koma wodwala akangosambitsidwa, kumetedwa ndi kuvekedwa zovala za chipatala sapatsiranso aliyense mu wodi. Anati ndiye kuti chinthucho chili m'zovala. Anadzalandira Nobel mu 1928. Dzina la kachilomboko nalo ndi la maliro, Howard Ricketts anamwalira ndi typhus ku Mexico City mu 1910 akuifufuza, Stanislaus von Prowazek anamwalira nayonso mu 1915 ataitenga ku kampu ya akaidi a nkhondo ku Cottbus ku Germany, mnzake amene anadwala naye limodzi koma nkuchira, Henrique da Rocha Lima wa ku Brazil, ndi amene anatcha kachilomboko maina a awiriwo.

Tsopano ku asayimenti yako. Usayambe ndi Bolivia, yamba ndi funso loti penicillin inalipo kale nanga bwanji sinathandize. Rickettsia sakhala poyera ngati mabakiteriya ambiri, amalowa mkati mwa maselo a munthu makamaka aja akuta mkati mwa timitsempha ta magazi, nkumaswana momwemo, timitsempha nkumatupa ndi kudontha, ndi zomwe zimabweretsa totupa tija pachifuwa ndi pamimba cha tsiku lachisanu komanso kubwebweta ubongo ukakhudzidwa. Penicillin sachita kanthu pamenepo. Mankhwala a sulfa, achibale a bakitirimu yathuyi, ankaoneka kuti akuonjezera matendawo. Nthawi ya nkhondo yachiwiri a ku America anayesako mankhwala ena otchedwa PABA ku Cairo, ankathandiza pang'ono ukawayamba msanga koma wodwala amayenera kumwa ambirimbiri usana ndi usiku. Ndiye njira yodalirika inali kupha nsabwe basi, monga ku Naples ku Italy kumapeto kwa 1943 ndi kuchiyambi kwa 1944 komwe anathira anthu opitirira 1 miliyoni ufa wa DDT m'zovala mliri nkutha, koma amene wadwala kale kunali kungomuyang'anira ndi kupemphera.

Chloramphenicol inachokera m'dothi. Paul Burkholder wa ku yunivesite ya Yale ku America ankalandira timapaketi ta dothi tochokera maiko osiyanasiyana, mu lina lochokera pafupi ndi Caracas ku Venezuela anapezamo kachilombo kamene kamatulutsa madzi opha mabakiteriya ena, nchifukwa chake kanatchedwa Streptomyces venezuelae. Kampani ya Parke-Davis ku Detroit ndi yomwe inayenga mankhwalawo mu 1947 nkuwatcha Chloromycetin. Ndipo apa ndi pomwe anthu amadumpha akamanena za 22, asanafike kwa munthu Joseph Smadel wa ku chipatala cha asilikali cha Walter Reed anali atawayesa kale pa mbewa ndi m'mazira. Inde mazira a nkhuku, poti Rickettsia samera pa mbale za agar zomwe ife a mu labu timameretserapo mabakiteriya, amafuna selo lamoyo, ndiye ankaboola dzira lomwe muli kale kamwanapiye nkubayira tizilombo mu yolk, mazira ena nkuwapatsa mankhwala ena ayi, nkumawerenga kuti anapiye a gulu liti akukhala moyo masiku ambiri. Zitaoneka bwino m'mazira ndi pomwe Eugene Payne, dokotala wa kampani ija, ananyamula tochepa tomwe tinalipo kupita nato ku Bolivia komwe kunali mliri. Tinangokwanira anthu 22 aja. Sikuti anasankha nambalayo, mankhwala ndi omwe anathera pomwepo.

Ndatopa kulemba ndi chala chimodzi, za kuopsa kwake akuuze a famase anzako, alipo muno.

Chikoti92

Chabwino ankolo za taifodi ndagonja. Koma funso langa simunayankhe, bwanji Bolivia?

Ankolo_aLabu

Chifukwa ku Detroit kunalibe odwala typhus mphwanga, mankhwala a matenda a nsabwe umakawayesa komwe kuli mliri. Koma sindikukutsutsa zonse, nthawi imeneyo kunalibe makomiti oona za ufulu wa odwala ngati omwe tili nawo pano, kunalibe mafomu osayinira awa timavutika nawo kumasulira m'Chichewa, malamulo a Nuremberg oteteza anthu ochitidwa kafukufuku anali atangolembedwa chaka chomwecho cha 1947 ndipo sanali kumanga aliyense. Kungoti pa nkhani iyi odwala aja anachira, ndipo popanda mankhwalawo ena mwa iwo akanaikidwa m'manda.

Mai_aNesi_aUsiku

Mwanawe ndawerenga ndili pa night ndiye ndilemba modukizadukiza belu likalira ndithawa.

Ine pa ntchito yanga yonse sindinaonepo typhus ya nsabwe yotsimikizika ndi maso angawa, koma usaitenge ngati nthano ya 1947 chifukwa yachitika pafupi pompa ife tili akuluakulu kale. Ku Burundi nkhondo yapachiweniweni itayamba mu 1993 anthu anaunjikidwa m'makampu kumapiri kozizira, matendawa anayambira kundende ya ku Ngozi cha mu 1995 kenako nkufalikira m'makampu, mu 1997 mokha anawerenga odwala opitirira 45,000, mliri waukulu wa typhus chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Eni ake ankawatcha sutama. Ndili ndi mnzanga wa ku Burundi anakhalapo ku Dzaleka, amandisokera mayunifomu, ndinamufunsa akuti sutama ndi kunjuta, poti miyendo ndi minofu zimawawa koopsa moti wodwala amangonjuta osatha kuimirira bwino. Anali mtsikana nthawi imeneyo koma akuti akukumbuka anthu akuwathira ufa m'zovala pamzere.

Ndiye mankhwala omwe anathetsa mliri umenewo sanali chloramphenicol yako ija, anali doxycycline, dokisi yomweyi timapereka daily. Munthu wamkulu ankamupatsa 200 mg kamodzi basi, makapisozi awiri, kumwera pamaso pa wazaumoyo, zovala kuzithira ufa wopha nsabwe wa permethrin. Nzeru ya kamodzi kokhayo sinayambire ku Burundi, anaifufuza ku Rwanda ndi ku Ethiopia cha kumayambiriro kwa m'ma 1970 nkuona kuti dokisi poti imakhalitsa m'thupi mlingo umodzi umatha kugwetsa kutentha thupi pa masiku awiri kapena atatu. Uganize wekha pa kampu ya anthu masauzande, manesi owerengeka, chloramphenicol yofuna kumwa kanayi patsiku kwa masiku angapo ndani angalondole zimenezo? Wina amwa tsiku limodzi otsalawo agawira mwana wake kapena agulitsa. Pomwe zinthu zili bwino pachipatala madokotala amaperekabe dokisi kawiri patsiku kwa sabata kapena kupitirirako chifukwa ena opatsidwa kamodzi matenda amawabwereranso, koma pa mliri umasankha chomwe chingafikire aliyense.

Nkhani yomwe imandikhudza ine monga nesi ndi ya nesi mnzathu wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito kundende ya ku Ngozi ija. Anabwerera kwawo akudwala, chipatala chapamwamba chilichonse chilipo, koma palibe anaganizira typhus poti kumeneko anaiwala kalekale, anamupatsa antibiotic ina ya cipro, anamwalira. Makapisozi a dokisi otchipa aja akanatha kumupulumutsa. Nde ukamalemba usangoti mankhwala anapezeka nkhani yatha, vuto limakhala kuti wina aganize za matendawo. Ndipo pa khungu lathuli totupa tija sitioneka bwino ngati pa zithunzi za m'mabuku anuwo, ku Burundi odwala ambiri sanaonedwe nato, ndiye munthu wotentha thupi mutu ukuwawa woyamba kuganiziridwa ndi malungo, akapezeka alibe timati taifodi, umangofunika kukweza malaya ake nkuyang'ana m'misoko.

China chodabwitsa lembanso, munthu akachira kachilomboko kamatha kugona m'thupi zaka 20, 30, nkudzadzuka atakalamba kapena thupi litafooka ndi njala, amati matenda a Brill-Zinsser. Amadwala pang'ono chabe koma ngati ali ndi nsabwe m'zovala ndiye mliri wayambiranso pa iyeyo. Belu lalira

MdzukuluWaKeyala

Pepani ndilowerere ngakhale za mankhwala sindidziwa, ine ndi mphunzitsi wopuma. Agogo anga aamuna anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles) anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, tikakhala pamoto madzulo ankatiuza kuti m'chigwa china chotchedwa Kabaw anzawo ambiri sanaphedwe ndi Mjapani koma ndi matenda, malungo ndi ena omwe ankawatchula kuti taifasi, akuti munthu umapezeka ndi kachilonda kakuda ngati wakutentha ndi ndudu kukhwapa kapena m'chiuno kenako thupi moto. Ife ana tinkangoti ndi nkhani za agogo. Kodi ndi matenda omwewa mukunenawa? Chifukwa iwo za nsabwe sankatchula, ankati zimachokera muudzu.

Ankolo_aLabu

Aphunzitsi, agogo anu ankanena zoona ndipo anafotokoza bwino kuposa ana asukulu ambiri. Imeneyo ndi msuweni wake, amaitcha scrub typhus, simachokera ku nsabwe koma ku tizilombo tating'onoting'ono ta muudzu tovuta kuona ndi maso, ndipo kachilonda kakuda kaja ndi chizindikiro chake chenicheni. Inazunza kwambiri asilikali ku Burma kuphatikizapo a ku East Africa. Ndipo ikukhudzana ndi asayimenti ya mwanayu, chifukwa Smadel uja atayesa chloramphenicol pa odwala typhus ochepa ku Mexico kumayambiriro kwa 1948, anapita ndi gulu lake ku Kuala Lumpur ku Malaya chaka chomwecho kukayesa pa scrub typhus, odwala ankazizira thupi pa tsiku limodzi kapena awiri. Kumeneko ndi komwe zinachitika zoseketsa zomwe amayi a mwanayu angakondwe nazo, ena mwa odwala omwe anawabweretsa ngati a typhus anapezeka kuti ndi a taifodi, koma nawonso anachira, Theodore Woodward ndi anzake nkuzindikira kuti apeza mwangozi mankhwala oyamba ochiza taifodi. Pomwe asilikali a Keyala a ku Nyasaland ankapita ku Malaya kumayambiriro kwa m'ma 1950 mankhwalawa anali alipo kale, agogo anu ndi anzawo a 1944 anangowaphonya ndi zaka zinayi.

Famasisti_waLimbe

Mng'ono wanga takulandira ku ntchito ya kuwerenga mapilisi kkkk. Ankolo andisiyira gawo lowawa nde ndiyankhe funso lako lenileni, chifukwa mafunso ako awiri aja, loti 22 inakwana bwanji ndi loti bwanji aphunzitsi amachita tsinya, yankho lake ndi limodzi.

Kuchuluka kwa anthu ofunika pa kafukufuku kumadalira kukula kwa chinthu chomwe ukufuna kuona. Typhus yosachizidwa pa mliri imapha anthu pakati pa 10 ndi 40 pa 100 alionse, okalamba kuposa pamenepo, ndipo amene apulumuke amatentha thupi pafupifupi masabata awiri. Nde ukapatsa anthu 22 mankhwala, ena ali kale chikomokere, onse nkudzuka kutentha kutatha pa masiku awiri atatu, sufunika masamu apamwamba kuti uone kuti pachitika chinthu. Munthu wanjala ukamupatsa nsima sufunika anthu chikwi kuti utsimikize kuti nsima imathetsa njala. Masauzande aja amakuphunzitsani amafunika pomwe kusiyana kuli kochepa, monga mankhwala a BP awa ndi awa ndi ati amachepetsako sitiroko pang'ono. Komanso dziwa kuti malamulo a ma phase amenewo kunalibe, ku America lamulo loti kampani ionetse umboni woti mankhwala amagwiradi ntchito linabwera mu 1962 itachitika ngozi ya thalidomide, mankhwala omwe anachititsa ana ambiri kubadwa olumala, ndipo kafukufuku wogawa odwala mwamaere anali akungoyamba kumene, wotchuka wa streptomycin pa TB ku Britain anatuluka mu 1948. Ndiye usamuweruze Payne ndi buku la chaka chino.

Koma tsono anthu 22 angakuuze kuti mankhwala amachiza, sangakuuze kuti ndi osaopsa. Chloramphenicol ili ndi vuto lomwe limagwera munthu mmodzi pa anthu pakati pa 24,000 ndi 40,000 omwe amwa, mafuta a m'mafupa omwe amapanga magazi amangosiya ntchito, osapanganso maselo ofiira, oyera ngakhale aja oumitsa magazi, timati aplastic anaemia. Sizidalira kuti wamwa ochuluka bwanji, zimatha kubwera patapita masabata kapena miyezi munthu atasiya kale kumwa, ndipo nthawi imeneyo ambiri ankamwalira nazo. Tangoganiza thumba la mpunga la 50 kg muli kamwala kamodzi, iwe watapa kadzanja kamodzi nkunena kuti mpungawu ndi woyera. Ngakhale akanayesa pa anthu 2,000 mwayi wokaona unali wochepa.

Chomwe chinaonetsa kamwalako ndi msika. Mu 1949 Mildred Rebstock, mayi wa chemistry wa ku Parke-Davis, ndi anzake anaonetsa kuti mankhwalawa angapangidwe mu labu osadikira kachilombo ka m'dothi kaja, inakhala antibiotic yoyamba kupangidwa yambiri mwa njira imeneyo, ikumwedwa pakamwa osati jakisoni, ikupha mabakiteriya amitundumitundu. Madokotala anayamba kuipereka pa chilichonse, chimfine, zilonda za pakhosi, ziphuphu, anthu mamiliyoni. Pofika 1952 malipoti a anthu ouma magazi anali atachuluka mpaka boma la America linalamula kuti pabotolo pazilembedwa chenjezo. Chowawa kwambiri ndi choti ambiri omwe anafa anali ana omwe anapatsidwa pa matenda osafuna nkomwe antibiotic. Kumapeto kwa m'ma 1950 kunatulukanso lina, makanda obadwa masiku osakwana omwe ankapatsidwa mankhwalawa kuti atetezedwe ankatuwa thupi nkumwalira, chifukwa chiwindi cha khanda sichinakhwime kuti chiwachotse m'magazi, ndi ija mumaloweza kuti grey baby syndrome.

Nde ine ndimaona chonchi, pa typhus kapena taifodi yoopsa kapena meningitis pomwe palibe china, mmodzi pa 30,000 ndi mtengo woti aliyense angalipire poti mbali inayo imfa ndi mmodzi pa asanu. Mu Africa muno jakisoni wake wamafuta uja wapulumutsa anthu ochuluka pa miliri ya meningitis. Pa chimfine mtengo womwewo ndi wopusa. Mankhwala ndi omwewo, chasintha ndi munthu amene ukumupatsa. Dokisi inailanda malo pa typhus osati chifukwa chloramphenicol inasiya kugwira ntchito koma chifukwa dokisi ilibe vuto la m'mafupa lija ndipo ndi yosavuta kumwa, banja lake la tetracycline linayamba nthawi yomweyo ndi Aureomycin ya Benjamin Duggar mu 1948, dokisi yeniyeni inabwera mu 1967. Onse awiri amalowa mkati mwa selo nkukatseka pomwe kachilombo kamapangira mapuloteni, malowo ali ndi zigawo ziwiri, chloramphenicol pa chigawo cha 50S dokisi pa cha 30S, izo ulembe aphunzitsi amazikonda.

Ndipo poti muno mumawerenga anthu ambiri ndinene, musatenge nkhani ya mai anesi ya makapisozi awiri nkumakagula dokisi pa benchi mumsika mutu ukangowawa. Tsiku lililonse pa kauntala pamabwera munthu woti ndipatseni awiri okha, khalidwe limeneli ndi lomwe limathandizira kuti tizilombo tisiye kumva mankhwala, ngati taifodi ya ku Blantyre ija yosamva chloramphenicol, amokisi ndi bakitirimu zonse zitatu.

Mai_aNesi_aUsiku

Afamasisti zonse mwanena ndavomera koma pa nsima paja mwapeputsa. Anthu 22 aja panalibe maere, dokotala wa kampani yomwe ikufuna kugulitsa ndi amene ankasankha woti apatsidwe ndi kulemba zotsatira, ndipo typhus ambiri amachira okha ikafika sabata yachiwiri. Zinapezeka kuti anali olondola inde, koma tinadziwa zimenezo chifukwa Smadel ndi ena anabwereza kwina nkupeza zomwezo. Mwanayu asakalembe kuti 22 ndi yokwanira, mawa adzabwera wa mankhwala azitsamba a pa WhatsApp nkuti nanenso ndachiza 22.

Famasisti_waLimbe

Mai mwandigwira pamenepo, ndavomera theka. Wa pa WhatsApp alibe mazira ndi mbewa za Smadel kumbuyo kwake, ndipo odwala ake sadzuka chikomokere pa maola 48. Koma zoti chinatsimikiza ndi kubwereza kwa ena, zoona, alembe choncho.

mtsikana_wa_famase

Eee abale zikomo kwambiri, ndakopera zonse mu kope mpaka cholembera chatha. Ankolo za mazira zija sindikanazipeza ndekha. Amayi ndawaimbira kuwauza kuti si taifodi koma mankhwala ake anachizanso taifodi mwangozi, akuti nde ndimanama chani kkkkk ndangowasiya. Koma tsopano ndili ndi mantha ena, kachubu ka m'maso kaja tinkapakidwa tonse kunyumba maso akangofiira, mpaka mwana wa achemwali wa miyezi itatu, afamasisti vuto la m'mafupa lija limabweranso ndi kopaka?

Famasisti_waLimbe

Kopaka m'maso kamalowa m'magazi pang'ono kwambiri, ku Britain amagulitsa madontho ake pa famase popanda kalata ya dokotala, ugone tulo. Chomwe ndingadandaule ndi chubu chimodzi kuzungulira banja lonse chaka chathunthu, chikatsegulidwa pakatha mwezi chitayidwe, ndipo khanda la miyezi itatu maso akafiira lipite kuchipatala osati ku kabati ya agogo ake. Asayimenti ikabwera utiuze wapeza zingati, ankolo akufuna Fanta yawo.